Tenti yobiriwira ya atate

Nyumba yathu ya ku Kabwata, mu Lusaka, inali ya kanselo, zipinda ziwiri ndi kakhichini kotulukira kuseri. Kutsogolo kunali mtengo wa mango umene tinaupeza, ndi kabwalo kakang'ono koti ukayanika mabulangete awiri malo atha. Nyumba za pamzere wathu zinali zoyandikana kwambiri, moti mnzako akamakazinga tinsomba ta kapenta unkadziwa ngati waikamo anyezi kapena ayi. Ine Mailesi ndinali mtsikana wa pulayimale, ndipo mng'ono wanga Enelesi anali atangoyamba kumene sukulu. Ufulu unali utabwera kale, chipani chinali chitatsala chimodzi, ndipo amayi a m'tauni anali atayamba kuzolowera kuima pamzere pofuna shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja.

Atate, a Mbewe, anachoka ku Katete ali mnyamata. Ankayendetsa lole ya kampani ina ya ku Heavy Industrial, dera la mafakitale, yonyamula malata ndi simenti, ndipo misewu ya dziko lino ankaidziwa monga mmene ife tinkadziwira njira ya kumpopi. Anali munthu wosalankhulalankhula. Amama ndiwo anali a mawu m'nyumba mwathu. Ndiwo ankayambitsa nyimbo pa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo akakuitana kamodzi ali pakhomo, ngakhale uli kumsika unkamva. Ukasiya kapu pamalo olakwika, nkhani ya kapuyo inkafika madzulo.

Tinali ana atatu. Wotsiriza anali Davide, wamwamuna yekhayo, amene anali atangoyamba kuthamanga ndi kutchula mayina athu mokhotakhota. Chikuku chinamutenga mvula itangoyamba. Za masiku amenewo sindinena zambiri, Ambuye amadziwa. Chimene ndinene n'chakuti maliro atatha, abale atabwerera ku Katete, amama sanabwerere mwakale. Ankaphika, ankachapa, ankasambitsa Enelesi, koma zonse ali chete ngati munthu wogwira ntchito m'nyumba ya eni ake. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, osatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinaswa mbale yamaluwa imene ankaikonda. Ndinaima pomwepo kudikira kuti andikalipire, iwo anangotola zidutswazo n'kukataya. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kulira, chifukwa ndinaona kuti amama anga akutichokera ali moyo, ndipo sindinkadziwa amene angawaitane kuti abwerere. Popemphera ndisanagone ndinalibe mawu ena, ndinkangoti Ambuye, tibwezereni amama.

Mvula itatha, sukulu titatsekera, atate anatenga livi. Madzulo ena tikudya ananena kuti tonse tikupita ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo tikagona komweko m'tenti. Ine ndi Enelesi tinayang'anana. Kwathu munthu ankayenda ulendo wautali pa zifukwa ziwiri zokha, matenda kapena maliro. Atate anafotokoza kuti nthawi zambiri popita ndi katundu ankaona utsi wa madziwo uli patali koma osapeza mpata woima, ndipo kale, dziko lisanakhale lathu, ankaona azungu atamanga matenti awo m'mbali mwa mtsinje akumwa tiyi, pamene munthu wakuda ankafikapo pokhapokha ngati ali wotsuka mbale.

"Tsopano angatiletse ndani?" anatero, akuyang'ana amama.

Amama anangoti, "Mmene mwaonera."

Galimoto inalipo. Atate anali atagula kavaneti kakale kwa foromani wina amene ankabwerera kwawo. Kankalira ngati chigayo, ndipo chitseko cha mbali ya amama chinkatsekedwa ndi waya, koma kwa ife kanali kapamwamba. Tenti ya m'sitolo ndiyo sakanaikwanitsa. Choncho anabwereka kuntchito tenti yofundikira katundu pa lole, yobiriwira, yolemera, yonunkha dizilo, yolembedwa zilembo zikuluzikulu za kampani.

Tsiku loti mawa ndi ulendo, amama anapita m'mawa kukaima pamzere wa saladi. Atate anati ayesere kumanga tentiyo pabwalo, kuti asakachite manyazi pamaso pa anthu kumeneko. Chingwe china anamanga ku mango, china kumpanda, pakati anaimika mitengo iwiri. Itaima anaizungulira manja ali kumbuyo, akugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anatiuza kuti tikhale m'nyumba tizipinda zovala, iwo anakwera kavaneti kukamatitsa tayala la sipeya.

Atate anali munthu wanzeru, koma tsiku limenelo anaiwala chinthu chimene ngakhale mwana wa mu Lusaka amadziwa. Kuno tenti ikaima pabwalo la munthu, ndiye kuti pagwa maliro. Amuna amagona m'menemo, akazi m'nyumba. Ndipo tenti imeneyi inali yomwe ija imene kampani inatibwereka pa maliro a Davide.

Woyamba kuiona anali Bana Mulenga, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe, munthu wamtima wabwino ndi mawu aakulu. Ataona zilembo za kampani, mwini nyumba osaoneka, anangoti basi, dalaivala wafera pamsewu ndipo akuntchito abweretsa tenti. Sanafunse munthu. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kulira ali pakhomo pake pomwe. Ife tili m'nyumba tinangomva mfuu ikuyandikira, kenaka chitseko chatseguka, amayi akulowa wina pambuyo pa mnzake, akuvula mapatapata n'kukhala pansi motsamira khoma. Wina anayamba kutulutsa mipando ndi tebulo monga achitira pa maliro. Bana Mulenga anatikumbatira tonse awiri akulira kuti, "Ba Mbewe, bana mwabasiyila ndani?" Ife poona akuluakulu akulira dzina la atate, tinakhulupirira, tinalira nawo. Sindinaganize n'komwe zonena kuti atate apita kukamatitsa tayala. Ndinaganiza kuti mwina afera komweko.

Panja amuna anayamba kusonkhana. A Tembo, mkulu wa mpingo, anafika panjinga, Baibulo lili pakaliyala. Wina anabwera akugubuduza chipika cha nkhuni, wina ndi kathumba ka ufa.

Amama anatulukira pakona ya mzere, botolo la saladi lili m'manja. Ndinawaona pawindo. Anaima. Anayang'ana tenti ija, anamva kulira kukuchokera m'nyumba mwawo, botolo linagwa n'kusweka. Sanalire. Anathamanga, anadutsa pakati pa amuna, analowa, n'kuyamba kutipapasa ine ndi Enelesi kumaso, m'mapewa, m'manja, ngati munthu wosaona. Manja awo anali ozizira ngati madzi a mumtsuko. Atatsimikiza kuti tonse awiri tili moyo, anatembenuka kufunafuna atate ndi maso, kenaka anakhala pansi.

Ndi nthawi yomweyo imene kavaneti kanamveka kakubwera ndi phokoso lake lija. Atate anaimika, anatsika, anaona khamu la anthu pabwalo pawo. Anavula chipewa, anapita kwa a Tembo, anagwada pang'ono n'kufunsa motsitsa mawu kuti watisiya ndani.

A Tembo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "A Mbewe, ife tamva kuti ndinu."

Bana Mulenga atatuluka n'kuwaona, anavula patapata n'kuwamenya nayo pamsana, akuti, "Imwe ba Mbewe, tenti ni chosewela nacho? Manje misozi yanga muzanibwezela bwanji?" Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Tembo anati poti Mulungu watisonkhanitsa kale, tisabalalike chabe, tipempherere ulendowo. Ndipo tinapempheradi pansi pa mango, amayi misozi isanaume kumaso. Amene anabweretsa ufa ndi nkhuni anakana kubwerera nazo, anati tikadye panjira.

Koma amama sanaseke. Anali atalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Anthu atapita, atate anagwetsa tenti ija mwakachetechete, anaipinda, anakhala pamwamba pake nthawi yaitali atagwira chipewa m'manja. Kenaka ndinawamva akulankhula pachitseko cha kuchipinda kuti sanaganize, alakwa kwambiri, ndipo ngati amama akufuna kuti ulendo ulephereke, ulephereka. Enelesi atamva mawu amenewo anayamba kusisima. Amama anayankha ali m'kati momwemo. Anati ana alonjezedwa kale, tipita.

"Koma m'chinsalu chanucho ine sindilowamo. Musadzandiuze n'komwe."

Tinanyamuka kukucha. Ine ndi Enelesi tinakhala kumbuyo, pamwamba pa tenti yopindidwa ija, pakati pa mapoto, mbaula, thumba la makala, matiresi ndi chigubu cha madzi. Mphepo inkatiluma m'makutu koma tinkabayibitsa munthu aliyense, ngakhale ng'ombe. Pamlatho wa Kafue panali asilikali, monga zinalili masiku amenewo. Mmodzi anasuzumira kumbuyo, anaona tenti, mapoto ndi mabulangete, anaona nkhope ya amama, n'kunena kuti pepani, maliro ali kuti? Atate anayankha kuti kulibe maliro, tikupita kukaona madzi. Msilikaliyo anayang'ana mtsinje pansi pa mlatho, anayang'ananso atate, anati madzi si awa? Anaitana mnzake kuti adzamve nawo. Anatilola kupita onse awiri akupukusa mitu.

Pamapiri a Munali kavaneti kanatentha, kanayamba kutulutsa nthunzi, atate anakamwetsa theka la madzi athu akumwa. Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Mazabuka yobiriwira mpaka kumene maso alekezera, tinadutsa Monze ndi Choma, ng'ombe za nyanga zazitali zikudutsa msewu mosafulumira ngati eni dziko. Pagalasi lakumbuyo ndinkaona atate akuloza uku ndi uku, akuuza amama mayina a malo, munthu amene kunyumba ankatha tsiku lonse osanena mawu khumi. Amama ankangogwedeza mutu. Atate anawagulira nthochi pamsewu, nthochizo zinakhala pamiyendo pawo mpaka tinafika.

Dzuwa litapendeka atate anaimika m'mbali mwa msewu n'kutiuza kuti tiyang'ane kutsogolo. Pamwamba pa mitengo panali utsi woyera, wautali, wosasuntha. Enelesi anafunsa kuti ndani akutentha tchire. Atate anazimitsa injini, ndipo tinamva. Silinali phokoso lolowera m'makutu mokha, linkamvekanso pachifuwa, ngati malole ambiri akubwera koma osafika.

Pageti la malo ogona, atate asanatsike anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anapita kwa mlonda akuyenda mowongoka, analankhula naye, analipira, ndipo mlondayo anatilozera malo pansi pa mtengo waukulu. Palibe amene anatifunsa kuti bwana wathu ali kuti. Ndinawayang'ana atate akubwerera ku kavaneti, ndipo mtima wanga unadzaza. Kuzungulira konseko kunali matenti okongola, abuluu, achikasu, okhala ndi mazipi ndi timawindo. Ambiri anali a azungu ndi amwenye. Ife tinatulutsa chinsalu chathu cha lole. Atate anaimanga ine ndikuwagwirira zingwe, ndipo anaimanga mmene ankadziwira: kumbuyo kotsika mpaka pansi, kutsogolo kotsegula konse, monga amangira pa maliro. Njira ina sankaidziwa.

Amama anaphika mbali ina ya kavaneti, atafulatira tenti. Pogona anakhala kutsogolo pampando. Ndipo poti mtsikana wa msinkhu wanga sagona chipinda chimodzi ndi atate ake popanda amake, ine ndi Enelesi tinagona kumbuyo kwa kavaneti. M'tenti yaikulu ija munagona munthu mmodzi.

Nditadzuka m'mawa ndinaona atate atakhala okha kutsogolo kwa tenti, atafunda bulangete pamwamba pa jekete, akuwotha kamoto. Zinali chimodzimodzi ndi m'mawa wa tsiku limene tinaika Davide, kungoti tsopano analibe wokhala nawo. Ndinasuzumira kutsogolo ndipo ndinaona kuti amama nawonso akuyang'ana komweko. Ndinachita mantha. Ndinati ulendo uwu wangokumba bala, tibwerera ku Kabwata ndi amama osweka mtima kuposa mmene anabwerera.

Titamwa tiyi atate anati tivale zovala za Sabata, chifukwa tikukaona ntchito ya manja a Mulungu ndipo sitingapiteko ngati tikupita kudimba. Ine ndinavala diresi yanga yoyera ya maliboni, Enelesi yake, amama duku ndi chitenje chatsopano. Panjira tinakumana ndi azungu atavala majasi a mvula, kumwamba kuli ngwee, popanda ndi kamtambo komwe. Ine ndi Enelesi tinatsinana tikuseka. Sitinayende patali, tinadziwa amene anali opusa. Mvula inayamba, koma mvula yake yochokera pansi kupita m'mwamba, kenaka n'kutsikanso, kenaka n'kubwera cham'mbali. Mafuta amene tinadzola anatsikira m'maso. Maliboni anagwa ngati ndiwo zofutsa. Jekete ya atate inada bii n'kuwamatirira.

Ndipo tinawaona madziwo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, mawu okwanira ndilibe. Mtsinje wa Zambezi wonse, wotambalala kuposa Kabwata yense, unkafika pamphepete n'kungogwera m'chiphompho chakuya chimene pansi pake sipaoneka. Madzi oyera mbee, ena ofiirira, akugwa osapuma, osatha. Utawaleza unali pafupi moti Enelesi anatambasula dzanja kuti augwire. Mitengo yonse inali yonyowa, miyala yoterera, fungo ngati la dothi la mvula yoyamba. Munthu ukalankhula sunkamva ngakhale mawu ako omwe.

Kutsogolo kunali kamlatho kachitsulo kopapatiza, kodutsa pamwamba pa phompho. Atate ananyamula Enelesi n'kutsogola. Ine ndinagwira dzanja la amama. Tili pakati pa kamlathoko, pamene madzi ankatikhuthukira ngati wina akutithira ndi ndowa, amama anaima. Dzanja lina anagwira chitsulo, lina anandifinya nalo mpaka zala zinandiwawa. Nditayang'ana m'mwamba ndinaona pakamwa pawo pali potsegula, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Ankaitana. Sindinamve kanthu, phokoso linameza zonse, koma milomo ndinaiona, ndipo kunjenjemera kwake kunafika m'dzanja langa. Ankaitana Davide. Anaitana, anapuma, anaitananso, anaitananso.

Pa maliro aja amama analira, inde, koma nthawi zonse panali wina wowagwira paphewa n'kuwauza kuti basi, limbani mtima, musamufunse Mulungu mafunso, ana akukuonani. Apa panalibe wowaletsa. Ine sindinadziwe chochita. Ndinangogwira dzanja lija molimba n'kumapemphera mumtima pemphero langa lomwe lija.

Atate atacheuka anatiwona. Anaika Enelesi pamalo abwino kutsidya n'kumuuza ndi manja kuti asasunthe, anabwerera. Anavula jekete yawo, imene inali ikuchucha madzi ngati thumba lovuulidwa mumtsinje, n'kuwafunditsa amama. Inali yosathandiza ngakhale pang'ono. Koma anaima pambali pawo, malaya okha, mpaka amama anasiya chitsulo chija, anapukuta kumaso ndi chikhatho, anayamba kuyenda. Tinabwerera njira yomwe ija. Nsapato zinkangolira madzi. Sindinkadziwa ngati zimene ndaonazo zinali zabwino kapena zoipa.

Titafika pamalo athu tinapeza alendo. Atate anali atasiya chakudya chonse m'tenti, pansi, potseguka paja. Anyani anali atachita phwando. Mabanzi onse anali atapita, pepala la shuga litang'ambidwa, ufa uja wa anthu a pamzere wathu utamwazika mpaka pamabulangete. Nyani wamkulu anali atakhala pamatiresi, nkhope ili mbuu ndi ufa, akusenda nthochi za amama mosatekeseka. Atate anamuponya nsapato, iye anatuluka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhuta ndipo analinso ndi kwina kopita. Enelesi anayamba kulirira mabanzi. Tonse tinali kunjenjemera ndi kuzizira. Atate anaima ndi nsapato imodzi, manja ali lende, akuyang'ana zonsezo. Sindinawaonepo atafooka chotero. Ananena motsitsa mawu kuti mwina tingolongedza tizipita kwathu.

Amama anali ataima kutsogolo kwa tenti, pafupi kuposa mmene anafikirapo chiyambire ulendo. Madzi ankadontha kuchokera m'mphepete mwa chitenje chawo. Anayang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenaka ndinamva atsonya.

"Atate ake Mailesi, chakudya amasiya pansi chonchi? Kutchire kuno? Munayesa anyani ndi a mpingo?"

Amama anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe waima ngati mtengo bwanji? Kazule udzu tipange tsache. Wautali, osati zinyalala."

Ndinathamanga. Diresi yonyowa inkandimenya m'miyendo, ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi. M'moyo wanga wonse sindinakondwepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Ndinabweretsa udzu wodzaza manja, amama anauyang'ana n'kunena kuti theka lake ndi losathandiza, ndipo ndinakondweranso. Anaumanga ndi kachingwe, anavula jekete ya atate n'kuwapatsira, anawerama, analowa m'tenti.

Anayambira kumbuyo kwenikweni, kumene chinsalu chinkagunda pansi, akusesa kutulutsira panja. Ufa, makoko a nthochi, masamba, phulusa la moto wa atate, zonse. Panthawiyo ine ndinkangoona amama akusesa. Ndinadzazindikira nditakula chimene atate anazindikira pomwepo. Kwathu pamene pali maliro sasesapo. Zinyalala zimakhala mpaka womwalirayo ataikidwa, ndipo tsache likagwira pansi ndiye kuti maliro atha, anthu abwerere ku ntchito zawo. Atate anavula chipewa chawo chonyowa n'kuchigwira pachifuwa, ataima ndi nsapato imodzi yomwe ija, mpaka amama anamaliza.

Atatuluka sanatipatse mpata wopuma. Anati tenti imeneyi yamangidwa ngati khola la mbuzi, imasulidwe. Atate anamasula, amama akulamula. Kumbuyo kunakwezedwa kuti munthu aziima bwinobwino. Kutsogolo kunatsitsidwa n'kusiya khomo limodzi, ndipo pakhomopo anapachika chitenje. M'kati anamanga chingwe n'kupachikapo zitenje ziwiri, uku chipinda cha makolo, uku cha atsikana. Chakudya chotsala anachitsekera kutsogolo kwa kavaneti. Panja anasesa bwalo lozungulira, mbaula anaiika pamalo ake, mbale anaziyanika pathandala limene atate anapanga ndi timitengo, zovala zathu za Sabata zonse pachingwe. Anatituma kwa mayi wina wachimwenye wa tenti yachikasu kukapempha shuga pang'ono, mayiyo anatipatsa ndi mabisiketi omwe, ndipo amama anamubwezera kapenta m'kambale, chifukwa mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu.

Chakumadzulo mlonda wa pageti uja ankazungulira kuona alendo. Matenti enawo ankangodutsa n'kukweza dzanja. Atafika pathu anaima pamene bwalo losesedwa linayambira, anayang'ana chitenje cha pakhomo, anawomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Odi kuno." Pa maliro munthu sanena odi, amangofika n'kukhala pansi. Odi amanena pakhomo pa anthu amoyo. M'kati ndinamva mawu a amama, aakulu, omwe aja omveka mpaka kumsika, akuti afike, tiyi ali pamoto. Usiku umenewo tinagona m'tenti tonse anayi, ndipo amene anatsogolera pemphero anali amama.

Tinakhalako masiku angapo. Kumathithi tinapitanso, koma titavala zovala zakale. Sindinganame kuti chisoni chinathera kumeneko. Amama ankamutchula Davide mpaka ukalamba wawo, ndipo mvula yoyamba ikagwa ankakhala chete tsiku lonse. Koma tinabwerera ku Kabwata ndi amama athu, ndipo tisanatsitse ndi katundu yemwe anali atayamba kale kufunsa Bana Mulenga kuti ndani wathyola nthambi ya mtengo wathu wa mango.

Lero ndimakhala ku Chelstone, ndine gogo. Matenti masiku ano ndi oyera, a hayala, amaima pa ukwati, pa phwando la mwana womaliza sukulu, ngakhale pa tsiku lobadwa la kamwana kosayenda. Munthu akaona tenti kwa mnzake amayamba waimba foni asanamange chitenje. Adzukulu anga anapita kumathithi pa basi ya sukulu, anabwera n'kundionetsa madziwo pafoni, ndinawauza kuti n'zokongola koma foni sinyowetsa munthu. Ndimamvanso kuti tsopano kuli anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kukhala pansi ndi wosweka mtima n'kumamumvetsera, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Atate analibe zimenezo. Anali ndi livi, kavaneti ka chitseko cha waya, ndi chinsalu cha lole, ndipo ngakhale analakwitsa poyambira pomwe, sanasiye. Ndikamawakumbukira ndimadzimva kuti ndine mwana wa munthu.

Atakalamba, onse awiri ankakhala ndi ine kuno. Tsiku lina tili pakhonde ndinawafunsa atate kuti n'chiyani kwenikweni chinawachititsa kutitengera kutali konse kuja chaka chimene chija. Anakanda kumutu, anati palibe, ankangofuna kuyesa kavaneti ngati kangafike ku Livingstone. Amama anali pambali akusankha nyemba, sanadzutse n'komwe mutu.

"Usawamvere awa. Anasowa wowakalipira."

Atate anaseka chamumtima, sanatsutse. Onse awiri ali kwa Ambuye tsopano, ndipo ndimathokoza kuti ndinabadwa kwa anthu amenewa.